Sailensa Imene Ndinagula M'Chiswahili Changa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga chifukwa cha mawu awiri a Chiswahili amene ndinkaganiza kuti ndawamva. Lero nkhaniyi ndimaisimba mtima uli m'malo, poti inatha bwino, ndipo mdani wake ndinamugwira ndekha ndi manja angawa. Koma nthawi imeneyo panalibe choseketsa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mpingo wathu unanditumiza ku Nairobi kukagwira ntchito pa ofesi yake ku Karen. Nyumba tinapeza ku South B, komwe ndi kutali ndithu, choncho ndinagula pikiapu yakale ya petulo. Kutsogolo kunali malo a anthu awiri okha, ine ndi akazi anga, amene ankaphunzitsa zosoka pamalo omwewo. Mwana wathu wamkazi Takondwa, wa Sitandade 5, sukulu yake inali pafupi ndi ofesiyo, ndipo iye ankakhala kumbuyo m'kanope, denga lotseka lija lokhala ndi timawindo. Tinamuyalira matiresi ndi mapilo. Ankapakonda kwambiri, ankati ndi chipinda chake.

Tsono ndikuuzeni matenda amene ndinali nawo ine. Nditangofika ndinaona kuti Chiswahili chili ndi mawu ambiri onga athu. Nyama ndi nyama, moto ndi moto, mvula ndi mvua, njira ndi njia. Basi ndinadzipatsa digiri pomwepo. Kutchalitchi ndinkauza Amalawi anzanga kuti Chiswahili ndi Chichewa chothothoka mano, ungochotsa "l" ndi "r" ndiye kuti walankhula. Anzanga ankapita kukaphunzira madzulo, ine n'kumawaseka kuti akutaya nthawi.

Tsiku lina sailensa ya pikiapu ija, chitsulo chochepetsa phokoso la injini, inabooka ndi dzimbiri. Galimoto inayamba kubangula moti ndikailiza m'mawa agalu a mumsewu wathu wonse ankayankha. Ndinachita manyazi, munthu wa ntchito ya mpingo. Ndinapita kwa amakaniko ogwirira panja, amene kumeneko amati jua kali, kufupi ndi Industrial Area. Makaniko amene ndinamupeza, dzina lake Mutua, anandiuza kuti yeniyeni ya kufakitale kulibe, koma anatulutsa zingapo zopangidwa ndi makampani ena. Ine maso anagwera pa kakang'ono kowala, kafupi, kotchipa. Mutua anayamba kufotokoza m'Chingerezi, ine n'kumudula kuti tizilankhula Chiswahili.

Analoza paipi yotulutsira utsi n'kufunsa, "Itoke kulia?"

Ine ndinamva kulira. Ndinati munthuyu akufuna kundiikira yolira, chonsecho phokoso ndi limene landibweretsa. Ndinakana kwamtuwagalu, "Hapana kulia."

"Kushoto?"

Apa ndinamva kushota. Ndinaganiza kuti akundifunsa ngati m'thumba mwashota, ndipo zinandinyansa. Ndinakananso, tsopano mokweza. Mutua anakweza mapewa, ananena kamawu kena kamene sindinakagwire, ine n'kuyankha kuti sawa sawa, kutanthauza chabwino, poti ndilo linali yankho langa pa chilichonse chimene sindinamve. Anawotcherera, ndinaliza galimoto, inangoti phee. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Kenaka kunalowa nyengo yozizira ya June ndi July, imene ku Nairobi imalowa m'mafupa. Takondwa anayamba kutseka timawindo tonse ta kanope. Pasanapite nthawi anayamba kudandaula mutu. Tikafika ku Karen ankatsika akudzandira, maso olemera, nthawi zina ali ndi nseru. Ife monga Amalawi tinangoti malungo. Kuchipatala anamuyeza, malungo sanapezeke. Tinabwereranso, sanapezekenso. Tinakamuyezetsa maso, maso ali bwinobwino. Chodabwitsa chinali chakuti Loweruka mwana ankadzuka wamphamvu, akudumpha chingwe ndi anzake tsiku lonse.

Loweruka limenelo ndi limene linandisokoneza. Ndinaweruza kuti ndi ulesi, mutu wodziwa kalendala. Aphunzitsi ake atatiitana n'kutiuza kuti mwanayu amangogona m'kalasi mmawa wonse ndipo akapitiriza abwereza, ndinapsa mtima. Mwanayo ndinamukalipira tisanakwere n'komwe galimoto. Iye anangolira chamumtima. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mmawa wina titafika, tinatsegula kumbuyo n'kumupeza ali gone, osamva kuitana. Tinachita kumugwedeza kwambiri, ndipo atadzuka anasanza. Akazi anga anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Anati, "Bambo a Takondwa, waulesi sasanza. Mwanayu akutithawa m'manja."

Ndinali ndisanagonjebe kwenikweni, koma mantha anali atandilowa. Ndinati mawa lake akazi anga ayendetse, ine ndikhale kumbuyo ndi mwana, ndimufunse masamu njira yonse, ndione ndi maso anga pamene tulo take timayambira. Ndinakwera ndi suti yanga ndi tayi, ndinapinda miyendo pamatiresi paja, tinanyamuka. Poyamba zinkayenda bwino, mwana akuyankha msangamsanga. Titalowa mumdipiti wa magalimoto pa Lang'ata Road, pamene galimoto imangoima injini ikulira, mayankho ake anayamba kuchedwa. Ndikuti ndimudzudzule, ndinapeza kuti inenso funso limene ndafunsa ndaliiwala. Mutu unayamba kugunda m'mbalimu ngati wina akukhoma misomali. Chizungulire, nseru, zikope kulemera. Fungo lake linali lochepa kwambiri, longa la mumsewu uliwonse wa m'tauni.

Pamenepo nzeru zinanditsegukira. Ndinamenya galasi la pakati pa kanope ndi kutsogolo ndi chibakera mpaka akazi anga anakhotera kumbali. Ndinamutulutsa mwana ndikumunyamula, ndinamukhazika paudzu kuti apume mphepo. Kenaka ndinagona chagada pafumbi, suti ndi tayi zili m'thupi, n'kukwawira pansi pa galimoto. Oyendetsa maminibasi, amene kumeneko amati matatu, ankaliza mahutala, ena akuseka, ine osawamva n'komwe. Ndipo ndinachiona. Paipi ija sinkafika kunja. Inathera pakati penipeni pa galimoto, pansi pa matiresi a mwana wanga. Chitsulo cha pansi pa kanope, pamwamba pa paipiyo, chinali bii ndi mwaye, ndipo chinali ndi timabowo ta dzimbiri moti chala chinkalowa.

Inu owerenga, sindinayambe ndasangalalapo ndi chinthu chonyansa ngati mmene ndinasangalalira ndi mwaye umenewo. Ndinatuluka nkhope ili yakuda, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mdani amene anatizunza nyengo yonse yozizira, amene anazemba mayeso onse a kuchipatala, ndinali nditamugwira pakhosi. Tinapita kwa dokotala tsiku lomwelo, ine kumbuyo timawindo tonse tili pululu, mwana kutsogolo. Dokotala atamva anagwira mutu. Anati utsi wa petulo m'malo otsekeka umagonetsa munthu pang'onopang'ono, ndipo ena sadzukanso. Anati tithokoze Mulungu kuti ulendo wathu sunali wautali kuposa pamenepo.

Kwa Mutua ndinapita ndili ndi ukali wa njati. Ulendo uno ndinalankhula Chingerezi. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandikumbutsa mafunso ake aja. Anatambasula dzanja lamanja n'kuti kulia. Anatambasula lamanzere n'kuti kushoto. Ankandifunsa mbali imene paipi itulukire, ine n'kukana mbali zonse ziwiri. Kamawu kachitatu kaja kanali chini, kutanthauza pansi, ndipo ndinavomera ndekha. Anati iye ankayesa kuti kumbuyoko ndimanyamula makatoni a mabuku. Atamva kuti kumakhala mwana anangokhala pansi patayala. Ukali wanga unathera pomwepo, poti mlandu unali wa tonse awiri, koma gawo lalikulu linali langa.

Kusankha kwachiwiri ndinakuchita ngati munthu wofunsira mbeta. Ndinayenda sitolo ndi sitolo m'tauni kumene amagulitsa zipangizo za magalimoto, ndikufunsa mafunso ngati mwana wa Sitandade 1. Zowala ndinazidutsa. Ndinkanyamula iliyonse kumva kulemera kwa chitsulo, kuyang'ana mowotcherera ngati mulibe ming'alu, kufunsa ngati inapangidwira injini ya kukula ngati yanga. Ndinatenga yaikulu, yosaoneka bwino, yokhala ndi paipi yaitali. Mutua akuimanga ndinali naye pansi pomwepo, ndikuloza ndi chala pamene ndikufuna kuti itulukire, kuseri kwa tayala lakumbuyo, kunja kwenikweni kwa galimoto. Tinawotcherera timabowo tonse ta pansi, tinaika mphira watsopano pachitseko cha kanope. Atatha ndinatseka kukamwa kwa paipi ndi chiguduli kwa kamphindi injini ikulira, kuti ndimve ngati pali pena pamene pakutuluka mpweya. Panalibe.

Ngakhale zinali choncho, Takondwa sanabwererenso kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo amayi ake ndiwo ankayendetsa, iye pambali pawo, ine pamatiresi ndi chikwama changa, windo lotsegula. Anzanga ku ofesi ankandiona ndikutsika chafutambuyo m'kanope n'kumafunsa ngati katundu wafika bwino. Ndinkangowaseka. Mutu wa mwana unasiya sabata yomweyo. Tulo ta m'kalasi tinatha, mtsikana uja anabwerera mwakale, wolongolola, wofunsa mafunso osatha. Kumapeto kwa chaka anakhoza bwino n'kupita Sitandade 6, ndipo aphunzitsi omwe aja anachita kutifunsa kuti tamupatsa mankhwala anji. Inenso ndinakalembetsa kalasi ya Chiswahili ija, ndinakhala pabenchi limodzi ndi anthu amene ndinkawaseka.

Tsiku limene anabwera ndi zotsatira zake, ndinamukhazika pansi n'kumupepesa chifukwa chomutcha waulesi. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "Adadi, inetu ndinkakuuzani."

Tsono inu amene muli ndi pikiapu, mukamasintha sailensa musakopeke ndi kuwala kwake kapena kutchipa kwake, ndipo musakhutire poti galimoto yasiya phokoso. Gwadani, suzumirani pansi, muone pamene utsi ukutulukira, ndipo ngati n'kotheka musanyamule munthu m'kanope yotseka. Muli kudziko la eni, mawu amene simunawamve musawavomere. Kufunsa ndi kudziwa njira. Koma chachikulu chimene ndikupemphani ndi ichi. Mwana akamakuuzani tsiku ndi tsiku kuti mutu ukumuwawa, musathamangire kumuweruza muli pampando wanu wakutsogolo. Tsikani, mukakhale pamene iye amakhala.