Chinsinsi cha Amayi Ogwada

Mpingo wonse unkawatchula Amayi Ogwada, koma chimene chinkawagwaditsa sankachidziwa ndi mmodzi yemwe.

Anakula ali wamasiye, akusesa m'tchalitchi asanapite kusukulu. Ataphunzira utelala, nsalu zonse za paguwa ankasoka ndi iwo, mwaulere. Mmisiri wokonza mabenchi anawakonda, moti benchi imodzi anaigwedeza mwendo dala katatu kuti apeze chobwererera. Anakwatirana, nakalamba limodzi. Amayiwa ankakonda kunena kuti, "Ulusi wa Mulungu suduka."

Atakalamba anasiya kukhala pansi pa Misa. Ena akakhala, iwo ankagwada, ndipo akhristu ankanong'onezana kuti, "Kupemphera ndi kumeneku." Makina osokera anawafunditsa nsalu, ati maso atopa.

Tsiku lina mmisiri anaona magazi pa zovala zochapa.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Abambo, musandifunse. Malo ake ndi osatchulika."

"Zaka makumi anayi ndikukukhomerani mipando, ndiye muzindibisira kuti kukhala kukukupwetekani?"

Kuchipatala dokotala anati ndi khansa ya kotulukira chimbudzi. Anadula kanyama ka chotupacho nakayeza, kuti aone zizindikiro zosonyeza mankhwala owayenera iwo, pakuti amene achiza uyu sachiza uyo. Zizindikiro zinatuluka zabwino: chotupacho chinali cha mtundu womva mankhwala. Kenaka dokotala anatsitsa mawu. "Koma chafika kale kuchiwindi. Mukanabwera chaka chatha..."

Mankhwala analipo ndithu, koma manyazi anali atamulanda kale mmisiri mkazi wake.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, mmisiri anangoona mkazi wake akupita kutsogolo.

"Abale, mwanditama pachabe. Sindinkagwada chifukwa cha chiyero. Ndinkalephera kukhala." Ndipo anatchula matendawo ndi malo ake, patsogolo pa guwa.

Woimba limba anagwetsa buku. Amayi ena anagwira pakamwa, "Mayo ine!"

"Mulungu polenga thupi sanachite manyazi ndi mbali ina," anapitiriza Amayi Ogwada. "Mukaona magazi, thamangani."

Mankhwala anawawonjezera miyezi isanu ndi itatu. Anamwalira m'mawa mwamtendere, atagona chammbali, dzanja lawo lili m'dzanja la mmisiri wawo.

Atachoka kumanda, woimba limba uja anakokera mmisiri pambali.

"Achimwene, ndinapita kukayezetsa. Andipeza nacho chotupa chikadali chaching'ono."

Mmisiri anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Apo m'pamene anakumbukira kuti kwa miyezi yambiri munthuyu ankaimba limba choimirira, mpingo n'kumati ndi changu cha Mzimu.