Mboni ya Masipika a Kumbuyo

Aneba athu kuno ku Toledo, mkulu amene anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto, sataya chinthu. Makutu anawasiya kufakitale komweko, koma pabalaza pawo pali masipika asanu ndi ampulifaya yakalekale yogawira mawu ku masipikawo, yolemera ngati injini. Ukawaseka amangoti, "Chokalamba si chakufa."

Tsono chigulireni TV yatsopano, masipika awiri a kumbuyo kwa sofa anangoti zii. Akazi awo, a Loretta, anatopa n'kupunthwa pa mawaya.

"Akapanda kulira pofika Lamlungu, zonsezi ndikataya kudzala," anatero mayiwo.

Mkamwini wawo Darnell anathirira ndemanga: "Bambo, ingogulani sipika imodzi yaitali ija yoika pansi pa TV. Ndi makutu anuwo mungasiyanitse?"

"Iwe, mwana wanga ndinakupatsa. Ampulifaya yanga isiye!"

Masiku atatu mkuluyu anakhalira kudinadina rimoti, magalasi ali pamphuno, mpaka anatulukira kuti TV ija imaunjika mawu onse m'masipika awiri akutsogolo. Anaisintha kuti izingowapereka ku ampulifaya osawakhudza. Koma munthu wosamva bwino akanatsimikiza bwanji kuti zatheka?

Lamlungu anaitana banja lonse, n'kukhazika galu wawo Duke pa sofa, n'kuika filimu. M'filimumo munthu anagogoda chitseko, kugogodako n'kumvekera kumbuyo kwa sofa. Duke anadumpha n'kuyamba kuuwa khoma ngati waona wakuba.

Mkuluyu sanamve kanthu. Anangopinda manja n'kuloza galuyo ndi chibwano.

"Darnell, kam'tsutse ameneyo."