Kanema wa Mbande za a Eneless

Mukafika ku Ndunde n'kufunsa za a Eneless, anthu akufunsani kuti, "Ati? A mbande?" Ndi omwewo. Ndi mayi anga aang'ono, obadwa bere limodzi ndi mayi anga, ndipo ine Yamiko ndinakulira pakhonde pawo kuposa pakhonde pathu. Ndikulemba za iwo chifukwa ndinawalakwira, ndipo chondiwawa n'chakuti ndinawalakwira ndi luso langa lonse.

Sukulu anailekezera sitandade sikisi, chaka chimene mayi awo anamwalira. Anayamba dimba akadali mtsikana, kumunsi kwa mudzi m'mbali mwa kamtsinje, ndipo sanachedwe kuona chinthu chimodzi: anthu ambiri kulima tomato amatha, koma kufesa sadziwa. Mbewu zimawaolera pa nazale, zikapulumuka zimatuluka zowonda ngati ulusi. Iwo dzanja lawo linali lina. Ndiye anasiya kulimbirana makasitomala ndi anzawo pamsika wa tomato n'kuyamba kugulitsa mbande za tomato, kabichi, anyezi ndi repu, zozula ndi dothi lake, zokulunga m'masamba a nthochi.

A Mateyu anachokera ku Namitambo kudzagula mbande. Sabata yotsatira anabweranso. Inayo anabweranso, mpaka anthu anayamba kufunsana kuti dimba la bambo ameneyu n'lalikulu bwanji. Mapeto ake anamanga nyumba pamudzi pathu n'kukhala mkamwini. Anali munthu wanthabwala moipa. Ngakhale pamaliro ankawakhazika kutali ndi azibambo a mpingo, kuopa kuti wina angaphulike nako kuseka pakati pa ulaliki.

Anakhala m'banja zaka naintini, koma Mulungu sanawapatse mwana. Inu mukudziwa mmene pakamwa pa anthu pamayendera pa nkhani ngati imeneyi. Amene anatseka pakamwapo anali a Tikhala, mayi awo a Mateyu. Abale ena a ku Namitambo atayamba kunong'oneza a Mateyu kuti akayesere kwina, mayi okalambawo anakwera kabaza mpaka ku Ndunde, n'kukhala sabata yathunthu akugona mphasa imodzi ndi mpongozi wawo, kupita naye kumjigo, kupita naye kutchalitchi, kuti aliyense wa maso aone. Kuyambira pamenepo a Eneless anapezanso mayi. Chimene chinkawalumikiza ku banja la ku Namitambo chinali mwamuna wawo ndi chikondi cha a Tikhala, china panalibe.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi ndi foni. Nditalephera kupeza ntchito ndi satifiketi yanga ya Fomu Folo, ndinakakhala miyezi itatu ku Limbe ndikuphunzira kukonza makanema otsatsa malonda. Anatiphunzitsa kuti munthu akamayendetsa chala pa foni amakupatsa masekondi atatu okha, ndiye uyambe ndi nkhope yoseka. Anati kanema asapitirire theka la miniti, chilichonse chosagulitsa udule, nyimbo ikhale yodumpha, nambala ya foni ikhale kumapeto. Ndinabwerera kumudzi ndikudziona ngati dolo. Ndinakonzera mayi wina wa saluni, telala wa pa Namitambo, ngakhale bambo wina wogulitsa nkhumba, ndipo onse ankati makasitomala awonjezekera. Mutu unandikula, kunena zoona.

A Eneless ankakana kuti ndiwakonzere kanema. Ankati mbande zawo zimadzitsatsa zokha m'madimba a anthu. Amene anawakakamiza anali a Mateyu, ndipo mmawa wina kumapeto kwa Epulo tinatsikira kudimba tonse atatu. Amayi aang'ono anavala chitenje chachikasu, keni yothirira ili m'manja, nkhope ili gwa ngati akujambulitsa chiphaso. Ndinawauza kuti amwetulire, zinakanika. Ndinawauzanso, zinaipiratu. Pamenepo bambo aang'ono, amene anaima pambali pawo atatsamira khasu, anati, "Jambulani bwino a Yamiko, anthu adziwe kuti mbande zikugulitsidwa, koma mwini wakeyu ndinagula kale ine, ndipo sindibweza."

A Eneless anaseka mpaka keni inapendekeka, madzi n'kuwathira kumapazi. Anadumpha, n'kuvinako kawiri katatu pothawa matope, akuloza mwamuna wawo ndi chala. Ine mumtima ndinati, ndi amenewa masekondi atatu aja.

Kanemayo sindinamukonze msanga, ndinali ndi ntchito ya ukwati wa anthu ena. Patatha masiku khumi a Mateyu anagwa kudimba komweko. Anathamangira nawo ku chipatala ku Nguludi, koma anabwerako ali m'bokosi. Anati inali BP.

Kwathu kuno mkazi wamasiye sangodzuka n'kupitiriza moyo. Amavala zakuda ndi duku, sapita kumsika, sakweza mawu, amakhala pakhomo mpaka abale a mwamuna adzabwere kudzamusudzula, ndiye kuti kumumasula pamaso pa anthu kuti maliro atha ndipo palibe chifukwa pakati pawo. A ku Namitambo ananena kuti adzabwera mu Ogasiti. A Tikhala potsanzika maliro atatha anagwira amayi aang'ono kumaso ndi manja onse awiri, n'kunena kuti tsiku limenelo adzabwera okha, ndi pakamwa pawo, chifukwa sakufuna kuti wina akalankhule zopotoka.

Koma mbande sizidziwa maliro. Patapita masabata atatu zinali zitatalika, zina zitayamba chikasu, ndipo makasitomala ankachita manyazi kufika pakhomo pa namfedwa kudzanena za malonda. Ntchito ya miyezi iwiri, imene a Mateyu anaithirira mpaka tsiku lomwe anagwa, inkaonongeka tikuona. Ndine ndinayambitsa. Ndinati, "Amayi, kanema uja alipo. Ndimukonze, anthu aziimbira ine, inu musatuluke n'komwe."

Iwo anati, "Chita mmene ukuonera. Koma bambo ako asaonekemo. Sindikufuna munthu wakufa azigulitsa tomato m'mafoni mwa anthu."

Mawu abwinobwino, aulemu. Ine ndinawamvera bwino kwambiri, ndipo vuto linali pomwepo. Ndinapanikiza chithunzi mpaka bambo aang'ono anatuluka kunja, khasu lawo lomwe, n'kutsala amayi okha. Mawu awo ndinachotsa n'kuikapo nyimbo yodumpha. Popeza mbande za m'kanemamo zinali zazing'ono, ndinatsikira kudimba n'kujambula za tsiku limenelo, n'kuzilowetsa pakatipakati. Kuwala kunkasiyana, chifukwa dzuwa la Epulo si la Meyi, ndiye ndinakhala pansi n'kukonza mitundu mpaka zonse zinaoneka ngati zajambulidwa mmawa umodzi. Pamwamba ndinalemba kuti, "Mbande zafika, sabata ino yokha." Ndinamuonera kasanu ndikudziyamikira. Munthu sakanatha kuloza pamene ndinalumikiza, ndipo ine ndinkati kumeneko ndiye kudziwa ntchito. Funso lakuti munthu wosadziwa adzaonamo chiyani silinandifikire n'kamodzi komwe. Chitsiru chophunzira, ndinali ine.

Ndinamuika pa Watsapu ndi m'magulu a alimi. M'masiku anayi mbande zonse zinatha.

Tsiku lachisanu kunabwera uthenga wa mawu kuchokera kwa a Maureen, mlongo wawo wa a Mateyu amene amakhala ku Limbe. Sanatumize kwa ine, anatumiza ku gulu la banja lawo, koma zinthu zotere sizisowa wokufikitsira. Ankalira uku akukalipa. "Achimwene anga dothi silinaume pamanda, mkazi wawo akuvina kudimba atavala chikasu. Akuseka chiyani? Akuloza ndani? Ife tikulira, iye akutsatsa malonda ndi nyimbo." Pofika Lamlungu nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati ali ndi mwamuna wina amene ankamusekerera kuseri kwa kamera. Ena ankanena zoipa kuposa pamenepo, zokhudza mmene munthu wamphamvu amangogwera m'dimba masanasana. Kutchalitchi azimayi ena anasuntha pabenchi.

Ndinati palibe vuto, ndingotumiza kanema woyamba uja, wosadula, aliyense aone yekha. Ndinatsegula foni, n'kufufuza, n'kufufuzanso. Foni yanga ndi yaing'ono, imadzaza msanga, ndipo chizolowezi changa chinali chakuti ndikamaliza ntchito ndimafufuta zonse zosakonza kuti ndipeze malo a kasitomala wina. Ndinali nditafufuta tsiku lomwe ndinamaliza, chala chikungoyenda chokha. Ndinapita nayo kwa okonza mafoni ku Limbe, anaigwiragwira n'kundibwezera.

A Eneless zonena za anthu sanazisamale kwenikweni. Funso lawo linali limodzi: "Amayi aona?" A Tikhala anali ataona kale. A Maureen anachita kukwera minibasi kukawaonetsa.

Mwambo unkati asatuluke, koma anatuluka. Tinapita ku Namitambo awiri, iwo ali ndi duku lawo lakuda, ine ndili ndi foni yopanda umboni. Njira yonse ndinkaloweza mawu oti ndikanene, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi okalambawo akakana kutikhulupirira ndilibe choti ndiwaonetse.

Tinawapeza a Tikhala akusankha nyemba pakhonde. Anatiyalira mphasa. Titapatsana moni ndinayamba kufotokoza, mawu akugundana, za Epulo, za kudula, za mitundu. Anandiimitsa ndi dzanja.

"Usavutike, mwana iwe," anatero. "Maureen atandionetsa ndinamuuza pompo kuti wapupuluma. Kuseka kumeneku ndikukudziwa. Eneless samaseka chonchi ndi munthu wina aliyense padziko pano. Pamene akulozapo paima Mateyu."

Amayi aang'ono anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Ndinati basi tapulumuka.

A Tikhala anakankhira lichero pambali, n'kupukuta manja, n'kusendera pafupi ndi ine. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. "Ndiye tandionetsa winayo, muli iyeyo. Chimwalirireni ndikungofuna nditamumvako mawu. Pano ndili ndi chithunzi chimodzi chokha, cha pa ukwati, ndiponso chinafufuma ndi mvula. Ankati chiyani pamenepa chomwe chinamuseketsa mnzakeyu?"

Abale inu, ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Ndinayang'ana foni, ndinayang'ana pansi. Amene anayankha anali a Eneless.

"Kulibe, amayi. Anafufutidwa."

"Anafufuta ndani?"

"Ndine ndinamuuza mwanayu kuti awachotsemo."

Sizinali zonse. Iwo ananena zowachotsa pa kanema wa malonda, zofufuta zinali zanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma anandikanikiza bondo ndi dzanja mwamphamvu, ndipo ine, wamantha ine, ndinatseka. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene ndinkaopa.

A Tikhala anawayang'ana mpongozi wawo. Sanakalipe. Anati, "Zoti unavina pamaliro sindinakhulupirire. Koma mwana wanga anali moyo mmenemo, akulankhula, akuseka, ndipo iwe unati achotsedwe kuti tomato ayende. Sunaganizeko zoti ali ndi mayi." Anakokera lichero lija pamiyendo n'kupitiriza kusankha nyemba. Tinakhala mpaka dzuwa linapendeka, sanatiyang'anenso.

Patapita masiku awiri ndinabwererako ndekha kukaulula kuti wofufuta ndinali ine. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndine mwana wabwino pofuna kuphimba mayi anga. Chilungamo changa chinafika mochedwa, chinangooneka ngati bodza lachifundo.

Mu Ogasiti a ku Namitambo anabwera monga analonjezera. Mwambo unayenda bwinobwino, a malume awo a Mateyu ndi amene analankhula, ndipo ananena poyera kuti kanema uja anali wakale, mkaziyu alibe mlandu. Dzina la a Eneless linayera, azimayi a pabenchi aja anabwereranso. Koma a Tikhala sanabwere. Anati miyendo ikuwawa. Amayi aang'ono anakhala pamphasa mwambo wonse maso ali kunjira.

Lero a Eneless ali ndi zaka fote seveni. Nazale yawo yakula, alimi amachokera mpaka ku Thyolo, ndipo ambiri amati anawadziwira pa kanema uja. Ine ndikadakonzabe makanema, ndinagula kakhadi kosungira zinthu, ndipo sindifufutanso kanthu ngakhale mbuzi itangodutsa. Nzeru zabwera ntchito yake itatha.

Epulo wathayu amayi aang'ono anasankha mbande zabwino kuposa zonse, za tomato ndi anyezi, n'kuzikulunga bwino, n'kutuma wa kabaza kuti akasiye kwa a Tikhala, monga ankachitira chaka chilichonse mwamuna wawo ali moyo. Masana wa kabaza uja anabwera nazo zili chimangire. Anati agogowo athokoza, koma akuti chaka chino salima dimba.

Amayi aang'ono anamasula mtolowo, n'kuwaza madzi, n'kutsika nawo kudimba. Ndinawatsatira ndi keni. Anawokera mbande zonsezo okha, mzere ndi mzere, ine ndikuthirira pambuyo. Ndinkadikira kuti mwina lero andikalipira, anene mawu amodzi okha oti ndiwasenze. Atafika kumapeto anaweramuka, n'kundiuza kuti ndisathire madzi ambiri pa anyezi, amaola.