Akulu Anga Sankadya Mobisa

Akulu anga anaphika zaka khumi ndi zinayi mu kantini ya fakitale yopanga zitseko ndi mawindo achitsulo. Masana aliwonse anthu mazana awiri ankadya za m'manja mwawo. Kuntchitoko ankawatcha a Wayilesi chifukwa pakamwa pawo sipankatseka: uku akugawa mpunga, uku akufunsa wina za mwana wake wodwala, uku akuseka wina kuti malaya ake sanaonepo nsimbi chigulireni. Ine ndinkakhala kwawo, m'chipinda chakumbuyo, chithereni banja langa.

Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, anayamba kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Adokotala anawapatsa mapiritsi ndi pepala la zakudya, n'kuwauza kuti achepetse thupi.

Pepalalo analimata pakhoma pafupi ndi mbaula. Tiyi ankamwa wopanda kanthu. Mpunga ankayeza ndi kakapu ka mwana. Basi anaisiya, kuntchito n'kumapita wapansi. Koma mwezi uliwonse akakwera pasikelo ya kuchipatala, muvi unkangopita patsogolo. Nkhope inatupa, mphete inakana kuvuka pachala. Kunja kukutentha, iwo ataima pafupi ndi mapoto owira, ankakhalabe mu juzi. Mawu anasasa. Ukawafunsa kanthu ankayamba akuyang'ana kaye, ngati funsolo likuchokera kutsidya kwa msewu.

Ulendo wachinayi amuna awo, alamu anga, anawaperekeza kuchipatala, nanenso ndinatsatira. Adokotala sanadzutse n'komwe mutu pakhadi.

"Mayi, mukudya mobisa."

"Ayi adokotala, ndikutsata pepala lija."

"Sikelo sinama. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaphika."

Adokotala anayang'ana alamu, onse awiri n'kuseka.

Tsiku lomwelo alamu anagula loko n'kukhoma kabati ya zakudya. Kiyi anandipatsa ine, ndipo ndinalandira. Ndinachitanso zoposa zimene anandituma. Akuluwo akalowa kubafa, ndinkapisa m'chikwama mwawo kufunafuna mabisiketi. Tsiku lina anandipeza dzanja lili momwemo.

"Wapezamo chiyani, mng'ono wanga?"

"Tikungofuna kukuthandizani, akulu."

"Ndafunsa kuti wapezamo chiyani."

Munali mapiritsi, mpango, ndi chipeso chodzaza tsitsi lothothoka.

Kuntchito zinafika poipa kuposa kunyumba. Owotcherera zitsulo akaima pamzere wa chakudya ankati, "A Wayilesi mabatire atha, koma mimba ndiye ikutchaja!" Akapitawo a kantini anayamba kuyeza mafuta ndi shuga pamaso pawo, m'mawa ndi poweruka, ngati ali ndi wakuba. Kenako tsiku lina akulu anga anakhala pachidebe kuti apumeko pang'ono, tulo n'kuwaba. Nyemba zonse zinapserera. Anthu mazana awiri anadya buledi ndi madzi.

"Mwakhuta kokwanira, amayi," anatero akapitawo aja. "Kapumeni kunyumba."

Anakhala kunyumba miyezi isanu, akusinza pampando wa pakhonde. Alamu ankati ndi ulesi. Ine sindinkanena, koma ndinkaganiza zomwezo.

Adokotala aja anasamutsidwa. M'malo mwawo munabwera mayi wachikulire wa magalasi. Tsiku limene tinakumana naye, alamu anakana kubwera, ndinawaperekeza ndekha. Mayiyo khadi analiika pambali. Anawagwira akulu anga pamkono n'kumayang'ana wotchi, kenako anawakhudza pakhosi n'kuwauza kuti ameze malovu.

"Nsidzezi zinayamba liti kuthothoka? Mumamva kuzizira?"

"Chaka chatha tsopano."

"Munawauza adokotala?"

"Sanandifunse. Ankandifunsa za mbale."

Anawatenga magazi. Patatha sabata tinabwererako.

"Ndi chithokomiro," anatero mayi uja. "Ndi kachiwalo ka pakhosi apa, kamene kamalamula liwiro la thupi lonse. Kanu kakugwira ntchito mofooka. Vutoli limapezekapezeka mwa anthu a shuga. Kutupaku, tuloti, kuzizidwaku, zonsezi si za mbale yanu ayi."

Akulu anga anaika manja pamiyendo. Kenako anati, "Adokotala, nenaninso mokweza, mng'ono wangayu amve."

Mayiyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwereza mawu aliwonse.

Mankhwala ake anali kapiritsi kamodzi kakang'ono, kakumwa m'mawa asanadye. Pomatha miyezi itatu nkhope inaphwa, juzi anavula, mawu anabwerera. Shugayo ndiye ilipobe, amamwera mapiritsi ake mpaka lero. Anatenga kalata ya kuchipatala kupita nayo kufakitale. Akapitawo anaiwerenga ataimirira pakhomo la kantini, osawapatsa mpando.

"Pepani ndi matendawo. Koma malo anu tinaikapo kale munthu."

Alamu anachotsa loko uja n'kukakhomera bokosi lawo la masipanala. Ine ndinalowa kuchipinda kwa akuluwo, n'kugwada pafupi ndi bedi. Ndinalankhula zambiri, misozi ili chuchuchu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Dzuka, ukudetsa siketi."

Sanawonjezerepo, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso. Pano amachapa ndi kusita zovala za anthu am'dera lathu. Ndi makasitomala awo amaseka mpaka kumveka kumsewu. Ine ndikatulukira amandiyankha bwinobwino, mwaulemu, ngati mlendo wodzafunsa njira. Kuchipatala amapita okha.

Mwezi wathawu kunabwera abale a alamu kudzaona odwala. Ataona mmene achirira, anayamikira kwambiri. Alamu anatsamira pampando n'kunena kuti, "Ndinachita kulimbikira ine kuti akawayezenso. Ndinkaona ndithu kuti si shuga yokha."

Akulu anga anali atanyamula thireyi ya makapu. Anaiika patebulo pang'onopang'ono.

"Ndinapita ndi mng'ono wanga, bambo. Inu munati mwatopa nako kuchititsidwa manyazi kuchipatala."

Mlongo wawo wa alamu anayamba kuyang'ana kalendala ya pakhoma. Akuluwo anagawira aliyense kapu yake, n'kupepesa alendo kuti ali ndi malaya a mwini amene akufunika madzulo. Anatuluka kupita kukhonde kukasita.