Siling'i Imene Inagwera pa Chikanda

Tsiku limene siling'i inagwa, m'nyumba ya mayi Chilekwa ku Matero, mu Lusaka, munali mosaponda phazi. Kunali chilanga mulilo cha mwana wawo wamwamuna, mwambo umene akuchikazi amabweretsa zakudya kwa mkamwini kuti aone zimene azikadya m'banja. Ng'oma zikulira, mbale zitayalidwa pabalaza, kunangomveka phuu! Chigamba cha pulasitala chachikulu ngati chitseko chinagwera pa nkhuku ndi chikanda, chakudya chija cha timizu ta kutchire ndi nsinjiro. Palibe anavulala, koma panalibenso choti munthu n'kulawa.

Amene anakonza siling'iyo masabata awiri m'mbuyomo anali Mukupa, mmisiri wa ku komboni ya George. Ataona banga lachikasu, anangomatapo pulasitala watsopano n'kupaka penti, osakwera m'denga kukaona kumene madzi ankachokera.

"Ba Mukupa, mwanisebanya pamenso pa bapongozi," anatero mayi Chilekwa, manyazi atawagwira. "Musakapondenso pano."

Inu mukudziwa mmene nkhani imathamangira m'komboni. Pofika Lolemba, dzina lake linali litasanduka Ba Chikanda. Ntchito zinauma. Mukupa anaika mpeni wake wa pulasitala pansi pa bedi n'kuyamba kukankha wilibala kumsika. Chimene chinkamupweteka kwambiri si mapewa ayi, koma kuti dzina lake linali litafa iye akuyenda.

Tsiku lina ananyamulira matumba a pulasitala mkulu wina wa Chisilamu, ba Nassoro, mmisiri wakale amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe uja wa chikanda?"

"Ndine," anayankha Mukupa atazolika.

"Mailo ubwele kuseni. Nifuna munthu wamene anagwesapo siling'i, chifukwa ameneyo amayopa."

M'mawa mwake Mukupa anapitadi, koma kwa miyezi itatu ba Nassoro sanamulole kugwira mpeni. Ntchito yake inali kukwera m'madenga a nyumba zakale ndi tochi, kukwawa mu fumbi ndi ndowe za makoswe, kufunafuna podontha ndi kufinya matabwa kuti amve ngati awola. Akatsika, ankagogoda siling'i ndi mtengo wa tsache, kumvetsera pamene pakulira ngati chigubu chopanda kanthu. Lamulo lalikulu linali limodzi: ukakonza denga, usatseke siling'i madzi asanaliyese.

Patapita zaka ziwiri, Mukupa anamva kuti mwana wachiwiri wa mayi Chilekwa akukwatira, ndipo bowo lija linali lidakali lotsekedwa ndi katoni. Anapita komweko.

"Mwabwela kugwesa yamene inasala?" anafunsa mayiwo ataima pakhomo.

"Mayo, nipaseni chabe mpata nikwele pamwamba. Mukakana, nizamvela."

Anamusiya kaye padzuwa, kenako anam'lozera makwerero. M'dengamo anapeza lata long'ambika ndi thabwa lowola. Anasintha zonse, n'kugwetsa pulasitala yense wofooka. Kenako anasiya bowolo lili yasa, kutatsala masiku khumi kuti mwambo wa chilanga mulilo uchitike.

"Valani manje!" anakalipa mayi Chilekwa, kufuna kuti bowolo litsekedwe msanga.

"Tiyembekeze manzi, mayo."

Koma unali Okutobala, kumwamba kuli mbee. Mukupa anabwereka ndowa n'kuyamba kutunga madzi pampopi wa onse, kukwera nawo pamakwerero, kuwathira padenga, kutsika, kukaimanso pamzere. Aneba anatulutsa mipando kuti aonerere bwino. "Ba Chikanda bayamba kusambika nyumba!" wina anakuwa, anthu n'kufa nako kuseka.

Atathira ndowa ya khumi ndi chisanu, mayi Chilekwa anafuula ali m'nyumba. Dontho linali likugwa, osati paja anakonza, koma pakona ina, pa msomali wadzimbiri umene palibe akanauona. Pansi pake ndi pamene mkwati amakhala pamwambo. Mayiwo anangoyang'ana dontholo.

Mukupa anatseka pamenepo, nathiranso madzi mpaka m'nyumba munakhala mouma. Ndiyeno anamata pulasitala mopyapyala, kudikira aume, n'kumatanso.

Pa tsiku la mwambo alendo ankaimba maso ali m'mwamba, ndipo sindikuwanena. Siling'i inangokhala phee, yosalala ngati mbale. Zakudya zitavundukulidwa, mayi Chilekwa anaitana Mukupa amene anaima kunja, n'kumupatsa mbale pamaso pa anthu onse.

"Ba Mukupa, dyani chikanda. Ichi chilibe pulasitala."

Anthu anaseka, koma iye anagwetsa misozi. Kwa nthawi yoyamba pa zaka ziwiri, wina anamutchula dzina lake lenileni pagulu. Theka la chikandacho analikulunga n'kupita nalo kwa ba Nassoro.

Lero eni nyumba zakale za ku Chilenje ndi Libala amachita kumulimbirana, ndipo ndowa sasiyana nayo. Mukam'funsa, amathokoza anthu awiri: mkulu amene anam'khulupirira atagwa, ndi mayi amene anam'lozera makwerero mtima ukadali wowawa.

Inu amene munalakwitsa anthu akuona, amene dzina lanu lasanduka nthabwala pamsika, musangopaka penti pabangapo. Kwerani mukaone pamene padontha, mukonze, ndipo mubwerere pakhomo pamene anakupirikitsanipo. Osataya mtima, dzina limakonzeka.