A Giya ndi Mango a Mdzukulu

Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi. Aliyense ankangoti a Giya, chifukwa zaka makumi atatu ndi zinayi anazithera pa chiwongolero cha lole, kunyamula simenti, matayala, malata, chilichonse chimene abwana alamula. Ankadziwa paliponse pamene msewu umakhota moipa, ankadziwa alonda a m'magalaja ndi agalu awo omwe. Koma kunyumba kwawo ankafika ngati mlendo: kugona masiku awiri, kuchapitsa zovala, ulendo. Akazi awo anamwalira iwo ali kutali, akudikira mapepala a katundu, ndipo anafika maliro ataikidwa dzulo lake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakakhala kwa mayi ake aang'ono. Anaphunzira unamwino, n'kukwatiwa kutali.

Maso atayamba kuchita nkhungu, kampani inawapumitsa. Anapeza zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya utoto ndi misomali. Munali bedi, tebulo, mpando umodzi wapulasitiki ndi kafiliji kolira ngati injini yokana kudzuka. Zenera linkayang'ana khoma la saluni. Tsiku lonse ankakhala pakhomo kumvetsera magalimoto a pamsewu waukulu. Ndi khutu lokha ankadziwa kuti dalaivala uyu wachedwa kusintha giya, ndipo ankang'ung'udza okha, "Tsitsa iwe, upha galimoto."

Lachiwiri lina foni inalira. Anali mwana wawo uja.

"Bambo, Loweruka la sabata ya mawa tidutsa kumeneko. Tikukaona apongozi anga, akudwala. Basi yachiwiri imanyamuka madzulo, ndiye tidzera kwanuko kuti mumuone mwana."

"Mubwere, mwana wanga, mubwere ndithu."

"Musavutike ndi zakudya. Komanso musamugulire chilichonse chamkaka, kaya yogati kaya ayisikilimu. Akangolawa amatuluka zidzolo thupi lonse, m'mimba n'kumamupota."

A Giya anatsala kukamwa kuli yasa, chifukwa ayisikilimuyo ndi amene anali atabwera kale m'mutu mwawo. Mdzukuluyo anali ndi zaka zinayi ndipo ankangomudziwa pa chithunzi. Nanga mwana wotere umamupatsa chiyani kuti akukumbukire? Iwo moyo wawo wonse anadya za m'malesitilanti a m'mbali mwa msewu. Chimene ankatha kuphika chinali tiyi ndi mazira.

M'mawa mwake anakaima pakhomo pa saluni, chipewa chili m'manja. Mayi wa pasalunipo, wonenepa ndi wokonda kuseka, anali akuluka munthu tsitsi, chipeso ataluma pakamwa. Anamva nkhani yonse, kenako analavulira chipesocho m'dzanja.

"Achimwene, mango ali mbwee pamsika ndiye mukudandaula chiyani? Ndili ndi makina ogayira zipatso kunyumba, angokhala. Mawa ndibwera nawo. Inu mukagule mango akupsa bwino, nthochi ndi kokonati."

"Kokonati wa chiyaninso?"

"Ndiye mkaka wakewo. Ng'ombe yake ndi mtengo, siyambitsa zidzolo."

Anawafotokozera uku manja akuluka. Nthochi aisende, aiduledule, aiike pamwamba m'filiji pamene pamaundana madzi kuti igone pamenepo. Kokonati amuswe, achotse choyera cham'katicho, achigaye ndi madzi ofunda, kenako afinye pa kansalu koyera. Madzi oyera otulukawo athire m'makina limodzi ndi mango ndi nthochi youndanayo. A Giya anabwereza zonse kawiri ngati akuloweza njira yachilendo.

Kokonati woyamba anamuswa ndi sipanala yaikulu imene anachoka nayo kuntchito. Madzi ake anatayikira pa thalauza. Atathira zonse m'makina anaiwala chivundikiro, ndipo atangodina batani mango anafika kudenga, ena pa kalendala, ena m'makutu. Anaima pakati pa chipinda akudontha chikasu, n'kuseka mpaka kutsokomola. Atamaliza kuseka anayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu woti amuuze. Anatenga chikolopa.

Tsiku lachiwiri anagula mango otsika mtengo, aulusi, ndipo chakumwacho chinkakola m'mano ngati wameza thonje. Tsiku lachitatu anachulutsa madzi, chinangokhala madzimadzi. Koma munthu amene wakhala ndi injini zaka zonsezo sachedwa kumva makina. Anazindikira kuti poyamba amalira mokhadzula, akulimbana ndi nthochi yolimba, kenako mawu ake amatsika n'kukhala osalala. Pamenepo ndiye pozimitsa. Anagula mpango wam'thumba watsopano wofinyira kokonati, ndipo ankauchapa n'kuuyanika pawokha.

Tsiku lililonse masana ankapanga kapu imodzi n'kumwa ataimirira pazenera. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anapititsako kusaluni. Mayi uja analawa, anatseka diso limodzi.

"Shuga mwaikayu chotsani, nthochi yakwana kale. Mufinyiremo ndimu pang'ono kuti chidzuke. Koma mwayesetsa, achimwene. Mukanayamba kale bwenzi tikukufunsirani mkazi."

Loweruka lija anadzuka m'mamawa. Anakolopa, anabwereka mpando wachiwiri kusitolo ya utoto, anavala shati ya manja aatali. Mango atatu anawasenda n'kuwaphimba ndi mbale. Kuyambira naini koloko anali pakhomo. Basi iliyonse ikamachepetsa liwiro pamsewu ankaimirira. Alendowo anafika wani koloko itadutsa.

Mwana wawo anali atanenepa pang'ono, ndipo chipumi chinali cha malemu mayi ake chenicheni. Anawapatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ngati moni wopatsa abwana a kuchipatala. Mdzukulu uja, kamtsikana, kanabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake, kakungosuzumira ndi diso limodzi.

"Apatse moni agogo."

Kanapukusa mutu.

"Musiyeni, sanandizolowere," anatero a Giya. "Khalani apa, ndikubwera."

Anakambirana za ulendo, za kutentha, za matenda a apongozi. Zitatha izi nkhani zinauma. A Giya anapita patebulo. Anathira madzi a kokonati, mango, nthochi youndana, madontho a ndimu, ndipo chivundikiro anachikanikiza ndi dzanja lonse. Makina atalira mwana anatseka makutu, koma anayandikira kuti aone chikasu chikuzungulira m'galasimo. Mawu a makina atatsika anazimitsa. Chakumwacho chinatsika m'kapu pang'onopang'ono, cholimbirako, chosalala, chozizira.

"Mulibe mkaka ndithu, bambo?"

"Ngakhale dontho. Ndi kokonati, ndafinya ndekha."

Namwinoyo analawa kaye yekha. Analawanso, kenako anapatsira mwana. Kamtsikanako kanagwira kapu ndi manja onse awiri n'kumwa osapuma mpaka mphuno inalowa m'kapu. Katatsitsa, kanali ndi ndevu zachikasu. Kanayenda kokha mpaka pa mawondo a a Giya n'kuwalozetsa kapuyo.

"Agogo, china."

A Giya anathira, n'kutayirako pang'ono patebulo.

"Watengera ine ameneyu," anatero mayi ake akumupukuta pakamwa. "Inenso mkaka unkandizunza chonchi. Ndinagonapo m'chipatala kawiri ndili wamng'ono."

"Iwe? Ine sindinadziwe zimenezo."

"Munali pamsewu, bambo."

Sananene mokalipa ayi. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kwachita mitambo, uku akufunafuna kanthu m'chikwama. A Giya anakumbukira zitini za mkaka waufa zimene ankabwera nazo ulendo uliwonse, n'kuziika patebulo monyadira, akazi awo n'kuthokoza osanena kanthu. Anadzifunsa mumtima kuti zitinizo ankamwa ndani.

Itakwana folo koloko anawaperekeza kokwerera basi, atanyamula chikwama, chakumwa chotsala chili m'botolo. Mwana anali atagona paphewa la mayi ake ndipo sanadzuke potsanzikana. Basi itanyamuka anabwerera wapansi, pang'onopang'ono. Anatsuka makapu, anabweza mpando, n'kupita ndi makina kusaluni.

"Zayenda bwanji?"

"Wamwa makapu awiri."

"Nanga nkhope yagwa chifukwa chiyani?" Mayiyo anawayang'ana, kenako anakankhira makinawo kwa iwo. "Kasungeni konko. Kwanga amangodya fumbi."

Panapita masabata atatu. Tsiku lina masana foni inalira.

"Bambo, mwana uja watisowetsa mtendere, akufuna mango a agogo. Ndayesa koma chikumakhala madzimadzi. Munapanga bwanji? Dikirani nditenge cholembera."

Akudikira, a Giya ankamva za m'nyumba imene sanaipondepo: mpopi ukutuluka madzi, mwana akuimba, mwamuna akufunsa kumene kuli thawulo. Kenako anafotokoza zonse mwadongosolo, za mango opanda ulusi, za nthochi yogona m'filiji, za kumvetsera kulira kwa makina. Atamaliza anafunsa.

"Mwana wanga, nanga iweyo uli mwana, mayi ako ankakupatsa chiyani?"

Anamva mwana wawo akutseka mpopi uja.

"Ankawiritsa mpunga, n'kusefa madzi ake, n'kuikamo kashuga. Ankandiuza kuti ndi mkaka wa ana ochenjera." Anaseka pang'ono. "Ndinakhulupirira mpaka kusekondale."

"Nanga zitini zija?"

"Ankapatsa aneba. Ankati mukadziwa mudandaula." Mwana analira chapatali. "Ndithamange, bambo, wagwa. Ndidzakuimbirani."

Sabata imeneyo sanaimbe, yotsatira yakenso ayi. Nyengo ya mango inatha, pamsika panangotsala mapapaya. A Giya anagula limodzi n'kuyesa ndi kokonati ndi nthochi monga mwa masiku onse. Silinakome kwenikweni, koma anamwa kapu yonse.