Tsiku Limene Tinalira Amayi Ali Moyo

Ndikukumbukira chaka chimene Amayi anabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Nsaru, atachotsedwa bere chifukwa cha khansa. Ine ndinali Sitandade 7. Madokotala a ku Lilongwe anati matenda atha, koma anawachenjeza kuti asamade nkhawa. Mudzi wonse unamva chenjezolo, ndipo unayamba kuwadetsa nkhawa mwakhama. Akagwira khasu, wina ankawalanda. Akasenza ndowa, wina ankawatula. Odzazonda ankakhala pakhonde n'kumatchula abale awo amene anapita ndi nthenda yomweyo. Amayi ankangothokoza, koma ine ndinkawaona akudzigwiragwira m'khwapa kufufuza chotupa china. Ankaopa kuti matenda abweranso, ndipo anthu ankawayang'ana ngati mlendo amene watsanzika kale koma akuchedwa kunyamuka.

Amalume, omwe ankagulitsa mafoni mumzinda, anabwera ndi mankhwala awo: foni yaikulu yokhala ndi pulogalamu yothandiza ochira khansa kukhazika mtima pansi. Munali mayi wa mawu ofewa wolankhula Chingerezi, ine n'kumamasulira. Ankati gonani, tsinzinani, pumani pang'onopang'ono, mvetserani mvula. Kenako foni inkayamba kuvumba.

Amene anapanga pulogalamuyo sanayanikepo mtedza. Inali nyengo yokolola, mtedza uli mbwee pabwalo. Atangomva mvulayo, Amayi anadzambatuka n'kuthamangira panja akundikalipira kuti nditenge matumba. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Tinayesanso masiku otsatira, koma ngakhale ankadziwa kuti ndi foni, mtima unkawathawira ku mtedza basi.

Amalume anachotsa mvula ija n'kuika nyimbo yozizira ngati ya limba la kutchalitchi. Asanakwere minibasi analamula kuti Amayi azidzitsekera m'nyumba pomvetsera, odzazonda asawasokoneze.

Tsiku lina masana ndili kumjigo, Anaphiri a nyumba yoyandikana nafe anapita kwathu ndi mbale ya maungu. Anaodira, koma kunali zii. Atasuzumira pawindo anaona Amayi atagona chagada pamphasa, manja pachifuwa, chitenje atafunda mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche, nyimbo ija ikulira chapansipansi. Mbale inagwa, Anaphiri n'kuyamba kubuma.

Kulirako ndinakumva ndili kumjigo, ndipo ndinadziwa kuti kukuchokera kwathu. Ndinataya ndowa. Sindinathamangepo chotero, ndipo mantha a tsiku limenelo mpaka lero sanandichoke. Ndinapeza azimayi atadzaza pabwalo, akupondaponda mtedza wathu, anyamata atayamba kale kuika masamba pamsewu. Palibe anayesa kuthyola chitseko, poti onse ankadikira akuluakulu. Palibenso anakayika, chifukwa maliro amenewa anthu anali atawayembekezera kwa miyezi.

Chimene sitinadziwe n'chakuti pulogalamu ija inali itagwira ntchito koyamba. Amayi anali m'tulo tofa nato.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka akutikita m'maso, foni ili kumanja.

“Kodi wamwalira ndani?” anafunsa.

Ena anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinawakumbatira m'chiuno ndikulira zenizeni. Amayi anayang'ana Anaphiri, anayang'ana masamba pamsewu, nkhani n'kuimvetsa. Anaseka mpaka kugwira pa chipsera, kuseka kumene tinali tisanakumve chibwerereni kuchipatala. Atapukuta misozi anati, “Mwandilira kale, eti? Ndiye zatha. Anaphiri, khasu langa munandilanda lija libwere lero.”

Linabwera. Mawa lake analawirira kudimba, ndipo palibe anayerekeza kuwabweza. Mantha a chotupa sanathe tsiku lomwelo, koma odzazonda anasiya kuwerenga akufa pakhonde pathu. Foni ija inakhala tochi yoyendera kukhola la mbuzi mpaka inafa yokha.

Amayi alipo, amagulitsa mtedza pamsika wa Nsaru, ndipo Anaphiri akadutsa, Amayi amawafunsabe za maungu aja. Ine ndimakhala mumzinda, m'nyumba ya mpanda, ndipo m'foni mwanga muli pulogalamu yonga ija. Mvula yake imandigoneka bwinobwino, poti ndilibe choti ndikaanule. Mwezi wathawu malungo anandigwira, ndinagona chagada chitseko chili chotseka mpaka dzuwa kulowa. Palibe amene anasuzumira pawindo.